Momwe mungasamukire pa iPhone kuchoka pa Android, kapena kubwerera, osataya zanu

Foni yatsopano imakoma m'manja, koma chimwemwe chimazilala msanga mukazindikira kuti manambala a anthu, zithunzi za ana ndi mauthenga a zaka zambiri zatsalira mu yakale ija. Ngati mukuchoka pa Samsung kupita pa Tecno, ntchito ndi yochepa, chifukwa onsewo ndi a nyumba imodzi ya Android. Nkhani imakula mukamawoloka kupita tsidya lina.

Kale mpikisanowu unali wa anthu ambiri. Pomwe Apple inkatulutsa iPhone mu 2007, ndipo foni yoyamba ya Android, HTC Dream, n'kutsatira mu 2008, msika unali m'manja mwa Nokia ndi Symbian yake, komanso BlackBerry. Microsoft nayo inayesa ndi Windows Phone mpaka inagula gawo la mafoni la Nokia mu 2014, koma sizinaphule kanthu. Lero atsala awiri: Android ya Google, yomwe ili m'mafoni pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse padziko, ndi iOS ya Apple. Aliyense wa awiriwa amakutsegulirani chitseko chachikulu mukamalowa, koma potuluka mumapeza mpanda. Mpandawo uli ndi zipata zake, ndipo ndi zomwe ndikufuna ndikulozereni.

Musanatsegule n'komwe katoni ya foni yatsopano, khalani pansi ndi yakaleyo. Tsimikizani kuti mukukumbukira pasiwedi ya akaunti yanu ya Google kapena ya Apple, ya imelo, ya Facebook ndi ya kubanki. Ambirife foni ndi imene imatikumbukirira, ndipo timadzazindikira kuti tinaiwala tsiku lomwe yatsopano yafunsa. Ngati mumagwiritsa ntchito Google Authenticator, pulogalamu yopereka manambala achinsinsi olowera mu maakaunti, ili ndi malo osamutsira maakaunti kudzera pa QR code. Chitani zimenezi foni yakale ikadali yamoyo.

Kenako ikani manambala ndi zithunzi pamalo pomwe mbali zonse ziwiri zimafikapo. Pano ine ndilibe mbali, koma chilungamo chake n'chakuti akaunti ya Google imagwira bwino pa iPhone, pomwe iCloud, malo a Apple osungira zinthu pa intaneti, pa Android mumangoionera pa browser. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, iCloud 5 GB. Wa Android aonetsetse kuti manambala ake akusungidwa mu akaunti ya Google osati mu simu khadi kapena mu foni mwenimweni. Wa iPhone alowe pa iCloud.com, atulutse manambala onse ngati fayilo ya vCard, aikweze mu Google Contacts. Zithunzi zikwezeni pa Google Photos muli pa Wi-Fi. Izi zikatheka, ngakhale zotsatirazi zitavuta, chuma chachikulu mwapulumutsa kale.

Tsopano kwa amene akupita pa iPhone. Apple ili ndi pulogalamu yotchedwa Move to iOS, yomwe inaiika pa Google Play mu 2015. Iikeni mu foni ya Android. Yatsani iPhone, ndipo ikakufunsani komwe mukufuna kutenga zinthu zanu, sankhani Android. Idzakuonetsani manambala 6 kapena 10. Alembeni mu Move to iOS, mafoni awiriwo alumikizana okha. Chongani zomwe mukufuna: manambala, mauthenga, zithunzi, mavidiyo, kalendala. Onse awiri akhale pa chaja, moyandikana, ndipo muwasiye osawagwira. Mukatuluka mu pulogalamuyo kapena kuyankha foni ntchito ili mkati, kusamutsako kumatha kuduka, n'kuyambiranso poyamba.

Chimene chimapweteketsa anthu ndi ichi: njira imeneyi imagwira pa iPhone yomwe sinakonzedwe, yatsopano kapena yofufutidwa. Mukathamanga n'kuikonza kaye kuti muone kamera, ndiye kuti mudzayenera kuifufuta yonse kuti mwayi uja ubwerenso. Ugwireni mtima.

Pa WhatsApp ndichedwepo, chifukwa ndi pomwe misozi yambiri imagwera. Wa Android amasunga macheza ake pa Google Drive, wa iPhone pa iCloud, ndipo zosungidwa uku sizitseguka uko. Munthu amaona kuti backup yachitika usiku wathawu, mtima n'kukhala m'malo, kenako amatsegula WhatsApp pa foni yatsopano n'kupeza mbee, mulibe kanthu kupatula mayina a magulu. Kuyambira 2022 Move to iOS imanyamulanso macheza a WhatsApp, koma muyenera kuchonga WhatsApp pa mndandanda uja, ndipo nambala ikhale yomweyo mbali zonse. Zikatha, ikani WhatsApp pa iPhone, lowani ndi nambala ija, idzakufunsani ngati mukufuna kulandira macheza akale. Musalowe WhatsApp pa foni yatsopano musanasamutse.

Amene akuchoka pa iPhone ali ndi kanthu kamodzi koyamba, kakang'ono koma kofunika: zimitsani iMessage ndi FaceTime, njira za Apple zolemberana ndi kuimbirana, mu Settings musanachotse simu khadi. Mukapanda kutero, anzanu a iPhone akamakulemberani, mauthenga awo angapitirire kulowera ku iMessage, inu osalandira kalikonse pa Android, iwo n'kumadandaula kuti mwasiya kuyankha. Ngati foniyo inapita kale, Apple ili ndi tsamba lochotsera nambala yanu pa iMessage.

Njira yodalirika apa ndi ya waya. Ma iPhone kuyambira 15, ya mu 2023, ali ndi USB-C ngati mafoni ambiri a Android. Akale amafuna waya wa Lightning mbali ina, USB-C mbali inayo. Yatsani Android yatsopano, ikafunsa zokopera zinthu vomerani, lumikizani wayawo, ndipo pa iPhone dinani Trust. Mafoni a Samsung amagwiritsa ntchito Smart Switch, koma kachitidwe kake n'kofanana. Ikafika pa WhatsApp idzaonetsa QR code yoti muijambule ndi iPhone. Batire zikhale zodzaza, popeza malo olowetsa chaja atengedwa ndi wayawo.

Pali zina zomwe siziwoloka, muchite bwanji. Mapulogalamu omwe munagula pa App Store sakutsatirani ku Google Play, ndipo a ku Google Play nawo chimodzimodzi; mugulanso. Zolipira mwezi ndi mwezi zomwe munalembetsa kudzera m'sitolo yakale zimapitiriza kudula ndalama mpaka mutaziletsa nokha, choncho zifufuzeni lero lomwe. Apple Watch imafuna iPhone basi. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa munthu walipira ndi thukuta lake, koma ndi bwino kuzidziwa musanagule kusiyana n'kuzidzidzimukira pambuyo.

Foni yakale musaifufute tsiku lomwelo. Ikhale nanu sabata yathunthu, mukuyang'ana mu yatsopano ngati manambala akwana, ngati zithunzi za zaka zam'mbuyo zikutseguka, ngati pulogalamu ya kubanki yakulandirani. Zolemba za mu Notes ndi mawu omwe munajambula ndi zomwe zimakonda kutsalira mwakachetechete.

Mukakhutira, tulukani mu akaunti musanafufute. Pa iPhone zimitsani Find My, yomwe imathandiza kupeza foni ikatayika, ndi kutuluka mu akaunti ya Apple, kenako sankhani Erase All Content and Settings. Pa Android chotsani akaunti ya Google kaye, factory reset ibwere pambuyo. Mukadumpha sitepe imeneyi, foniyo ingakhale yokhomedwa ku dzina lanu, ndipo m'bale amene mwamupatsa kapena munthu amene wagula adzaona ikufuna pasiwedi yanu. Ngati muli memory card, itulutseni musanaipereke.