Pikapu ikayamba kulira zachilendo mu injini

Musanathamangire kwa makaniko, yambani ndi oyilo, solani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, injini ili yozizira muone ngati wafika pa mzere. Kenako lizani galimoto, tsegulani boneti, wailesi zimitsani kaye.

Ikamalira kwiiii mmawa kapena mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, nthawi zambiri ndi fanibeluti, ingowazani timadzi pang'ono pa lambayo, phokoso likasiya kwa kamphindi ndiye mwamugwira wakubayo. Likapitilira tengani sikuludilaiva yaitali, nsonga gunditsani pa alternator (yotchaja batire) kenako pa water pump (pampu yoyendetsa madzi oziziritsa injini), chogwilira chake pakhutu, bearing (kachitsulo kothandiza kuti zam'katimo zizizungulira bwino) yakutha imamveka ngati chigayo chikupera miyala. Koma samalani ndi fani, malaya olendewera ayi ndithu.

Tiki tiki wapamwamba amakhala ma tapeti (tizitsulo tokankha ma valavu) kapena ma injector (opopera mafuta mu injini), pa Hilux ya D-4D dizilo wakuda amawapweteka heavy. Pondaninso kilatchi, kulira kukasintha ndiye nthawi zambiri nkhani ili ku release bearing, bearing ya kilatchiyo, injini ilibe mlandu.

Choopsa ndi gu gu gu wa pansi amene akukula mukaponda moto, makamaka ka laiti ka oyilo kakamaphethira. Pamenepo zimitsani basi, ikokedwe, mukaikakamiza mugula crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira pansi pa injini.