Disiki ziti pa kompyuta ya magemu?

Mwafunsa ngati mugule SSD (disiki yothamanga, yopanda chozungulira mkati) imodzi yaikulu kapena muphatikize ndi HDD (disiki yozungulira, yochedwerapo). Chitani motere.

Yambani ndi kabuku ka motherboard, muone malo a M.2 (olowetsamo SSD zazing'ono) alipo angati ndiponso ngati amalandira NVMe (mtundu wa SSD wothamanga kwambiri). Ambiri amalakwitsa pomwepa: pa motherboard zina, mukaika disiki m'malo achiwiri a M.2, madoko ena a SATA (olumikizira HDD ndi chingwe) amasiya kugwira ntchito, ndiye HDD imangosowa ngati yafa.

Kenako gulani NVMe ya 1TB, saizi 2280, ya Windows ndi magemu amene mumasewera kawirikawiri. Ya 500GB imadzaza msanga, poti Call of Duty yokha imatha kupitirira 100GB. NVMe ya PCIe 4.0 imafika cha m'ma 7,000MB/s pomwe SATA SSD imathera pa 550MB/s, koma potsegula gemu kusiyana kwake ndi masekondi ochepa chabe. Ndalama zogulira NVMe yodula ya PCIe 5.0 zisungeni, zikathandize pa graphics card.

Poika Windows, zulani kaye disiki zina zonse. Mukapanda kutero, mafayilo oyatsira kompyuta angakakhale pa HDD, ndipo tsiku lodzaichotsa kompyuta sidzayaka.

HDD ya 2TB, ya 7200rpm, ikhale ya makanema ndi zosunga. Magemu atsopano monga Starfield amafuna SSD. Pa HDD amadukizadukiza.

Mukalumikiza HDD, lowani mu Disk Management ya mu Windows, sankhani GPT, muifomate NTFS. Disiki ina iliyonse yoikapo magemu muionjezere mu Steam (pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu) pa Settings, Storage.

RAID 0 (kuphatikiza disiki ziwiri kuti zigwire ntchito ngati imodzi) ilekeni: imodzi ikafa, zonse zapita. Pa SSD siyani malo okwana pafupifupi 15%, chifukwa ikadzaza kwambiri imachedwa kulemba.