Pikapu ya dizilo yokana kulira m'mawa kukazizira

Kuzizira kutangoyamba, pikapu yanga inayamba kuvuta. Ndikapotokola kiyi m'mawa, injini inkatembenuka mwaulesi kawiri katatu, kenako zii. Masana inkalira bwinobwino, ndiye ine maganizo onse anali pa sitata.

Sinali sitata ayi. Galimotoyi ili ndi mabatire awiri olumikizana. Nditawalekanitsa n'kuwasiya agone usiku, ndinawayeza ndi mita ya magetsi: limodzi 12.6V, linalo 12.1V basi. Lofookalo linkayamwa mphamvu ya linzake. Kukazizira batire limatulutsa mphamvu zochepa, oilo amalimba, ndipo ma glow plug, tizipangizo totenthetsa mkati mwa injini, amadya kaye magetsi injini isanatembenuke. Injini ya dizilo payokha ndi yolemera kale kuizungulitsa.

Ndinamasula waya wa negativi poyamba, n'kutsuka ufa woyera uja wa pamitu ya mabatire ndi soda wosungunula m'madzi. Mtima unkafuna kugula limodzi lokha, koma latsopano likakhala ndi lakale silichedwa kutha. Ndinasintha onse awiri, a CCA yofanana, nambala yosonyeza mphamvu ya batire pa -18°C. Injini ikulira, mita inawerenga 14.2V, kutanthauza kuti alternator, chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira, ikutchaja. M'mawa mwake inalira kamodzi n'kamodzi.