Kulimbitsa galasi lopyapyala polizizitsa m'mafuta

Amisiri odula magalasi pa Mangochi boma, dziwani kuti galasi lochepera mamilimita 3 kuchindikala limavuta kulimbitsa polipemerera mpweya likatenthetsedwa, n'chifukwa chake ena amaliviika m'mafuta otentha.

Yambani mwadula, kuboola ndi kusalaza m'mphepete monse ndi mwala wonolera. Likalimba silidulikanso, limangophwanyika. Kamng'alu kakang'ono ka m'mphepete ndi komwe kamaswa galasi lonse poviika, choncho apa musathamange. Litsukeni, liume.

Litenthetseni mu uvuni wokhala ndi choyezera kutentha mpaka madigiri 620 kapena 650, mofanana mbali zonse. Mukapitirira limapindika. Ligwireni ndi mbano, muliviike choimika, lonse kamodzi, m'mafuta otenthetsedwa kale. Kunja kumauma msanga, m'kati n'kumazizira pambuyo, ndipo kukokana kumeneku ndiye mphamvu yake.

Madzi, ngakhale ofunda, ayi. Amazizitsa mwadzidzidzi, galasi n'kusweka pomwepo. Mafutawo amatha kuyaka, ndiye valani zoteteza maso ndi manja, muike mchenga ndi chivundikiro chachitsulo pafupi.

Iswani limodzi poyesa. Likagawika tizidutswa ngati mchere wamiyala, lalimba. Zidutswa zazitali zakuthwa zikusonyeza kuti silinatenthe mokwanira kapena munachedwa kuviika.