Momwe mungamalizitsire katemera wa Penta wa mwana wanu

Jekeseni ya Penta imateteza mwana ku chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi difiteriya (nthenda yotseka kukhosi), komanso ku hepatitis B (nthenda ya chiwindi) ndi Hib (kachilombo koyambitsa chibayo ndi nthenda youmitsa khosi). Ndi yaulere m'makiliniki a boma, kaya ku Kapata mu Chipata muno, kaya ku Chadiza kapena ku Vubwi.

Choyamba, werengani masabata kuchokera tsiku limene mwana anabadwa. Amabayidwa katatu: ali ndi masabata 6, kenako 10, ndiponso 14. Pitani ndi khadi la ku sikelo, ndipo musanatuluke onetsetsani kuti anamwino alembapo tsiku lobweranso. Ngati mumadutsa pa Mwami kukacheza kwa abale ku Mchinji, khadilo musalisiye.

Jekeseniyo amabaya pantchafu. Mukhazikeni mwana pamiyendo, mugwireni bwino, ndipo akangobayidwa mupatseni bere, amatonthola msanga. Ka chimfine kapena kachifuwa pang'ono si chifukwa chokhalira kunyumba. Auzeni anamwino, aona okha.

Madzulo ake thupi likhoza kutentha, pobayidwapo nkutupa, mwana nkumangolira. Zimenezi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Muyamwitseni pafupipafupi, musamufunditse zolemera, ndipo pamene patupapo musapatikite kapena kupakapo mankhwala azitsamba. Panado wa ana mupatseni pokhapokha achipatala atakuuzani muyezo wake. Koma akayamba kukomoka, kukana bere kapena kulira osalekeza kwa maola atatu, thamangirani naye kuchipatala ngakhale usiku.

Pamene mtima wanga umawawa mpakuti usiku umodzi wa kutentha thupiwo ndi umene umabweza makolo. Agogo amati, "Mwana wavutika, basi asapitenso." Mvula nayo ikagwa, kupalira chimanga ndi mtedza kumatenga masiku onse, tsiku la sikelo nkudutsa. Komatu jekeseni imodzi siikwanira. Chitetezo chimakhwima ndi yachitatu, ndipo chifuwa chokoka mtima chimapha makamaka makanda: kamwana kamatsokomola mpaka kubanika, milomo kuda, kenako kusanza mkaka wonse. Abambo, mutengeni mayi ndi mwana panjinga, munda udikira.

Ngati tsiku lakupitirirani, musachite manyazi. Sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene munalekera. Funsani odzipereka a zaumoyo m'mudzi mwanu za tsiku limene anamwino amabwera kudzabaya ana kufupi, kapena pezerani mwayi pa Child Health Week, sabata ya zaumoyo wa ana.

Za kafumbata, chitetezo cha khanda chimayambira kwa mayi, choncho amayi oyembekezera alandire katemera wawo ku sikelo ya apakati. Mwana akabadwa, pamchombo pasaikidwe phulusa, ndowe kapena dothi, chifukwa tizilombo ta kafumbata timalowera pomwepo.