Madzi a mu Giza Akamatentha Mopitirira: Malangizo kwa Eni Nyumba ndi Ocita Lendi

Malangizo awa ndi a giza ya magetsi, kaya ili m'siling'i kapena pacipupa panja, komanso giza ya sola. Awerengeni onse musanagwire ciliconse pa giza.

Madzi ofika madigiri 60 amawotcha khungu la munthu wamkulu mpaka mkati m'masekondi 5 cabe. Pa madigiri 70, sekondi imodzi yakwana. Khungu la mwana ndi lopyapyala, conco limapsa msanga kuposa pamenepo. Agogo, odwala khunyu, ndi odwala shuga amene mapazi awo sakumva bwino, nawonso ali pangozi yaikulu cifukwa sacedwa kupsa asanathawitse dzanja kapena phazi. Ngati pakhomo panu pali mmodzi wa anthu otere, konzani vutoli lero lomwe.

Yambani mwapima

Tsegulani pompi ya madzi otentha imene ili pafupi kwambiri ndi giza, ithire kwa mphindi 2 kapena 3, kenako tungani m'kapu n'kuviikamo thermometer ya kukhicini. Musapime ndi cala. Mukapeza kuti apitirira madigiri 60, thermostat (kacipangizo kolamulira kutentha kwa madzi mu giza) inakwezedwa kwambiri kapena inafa.

Nthawi zambiri imakhala kuti inakwezedwa dala. M'nyengo ya load shedding, ndiponso m'miyezi yozizira ya June ndi July, ambiri amaikweza mpaka 70 kapena 75 kuti madzi afundebe ngakhale magetsi atapita maola ambiri. Colinga n'comveka, koma cotsatira cake n'coopsa: magetsi akabwera usiku, giza imatenthetsa mpaka m'mawa, ndipo woyamba kutsegula pompi amakhala mwana wokonzekera kupita kusukulu. Mayuniti nawonso amatha msanga. Ngati mufuna kuti madzi asazizire msanga, kutirani giza ndi bulangeti lake lopangidwira nchitoyo, ndipo kutiraninso mapaipi otulukamo.

Kutsitsa thermostat

Zimitsani giza pa DB board (bokosi la maswici akuluakulu a magetsi a m'nyumba), kenako zimitsaninso swici ya isolator imene ili pafupi ndi giza. Zonse ziwiri, osati imodzi. Musadalire kuti magetsi apita, cifukwa angabwere pamene dzanja lanu lili pa mawaya a mavoti 230. Uzani onse m'nyumba kuti asagwire board mpaka mutatsiriza.

Thermostat ili kuseri kwa kacivundikiro kumapeto kwa giza, pamene palowera mawaya. Mukamasula, muona kagudumu kakang'ono kokhala ndi manambala. Katembenuzeni ndi sikuludiraiva yaphwathalala kufika pa 60, bwezerani civundikiro, ndiyeno yatsani magetsi. Madzi amene ali kale m'thanki sazizira pomwepo ayi. Gwiritsani nchito mosamala tsiku limenelo, mupimenso mawa lake. M'siling'i pondani pa matabwa okha, ndipo mukaona waya wakuda ndi kupsa, pulasitiki yosungunuka kapena madzi akudontha pafupi ndi mawaya, lekani pomwepo muitane elekitirishani. Ngati simunagwirepo za magetsi, muitaneni kuyambira paciyambi. Ocita lendi auze eni nyumba asanamasule ciliconse.

Musatsitse thermostat kufika pansi pa 60. Ena akaopa kupsa amatsitsa mpaka 40 kapena 45, koma madzi ofunda motero akakhalitsa m'thanki amaswanitsa tizilombo ta Legionella, timene timakula bwino pakati pa madigiri 20 ndi 45. Munthu akapuma tinthunzi ta m'shawa tokhala ndi tizilomboti angadwale cibayo coopsa. N'cifukwa cake m'thanki mufunika 60. Koma popeza 60 yomweyo imawotcha, njira yodalirika ndi kuuza pulamba aike valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira pa paipi yopita kubafa, kuti pa pompi asapitirire 50. Valavu imeneyi ndi yofunika kwambiri pa giza ya sola, cifukwa dzuwa lilibe kagudumu kotsitsa: m'mwezi wa October madzi ake angapitirire madigiri 80 masana.

Pamene muyenera kuzimitsa n'kuitana katswiri

Mukatsitsa koma madzi n'kumatenthabe cimodzimodzi, thermostat yafa, ndipo element (citsulo cotenthetsa madzi m'thanki) ikungotenthetsa osapuma. Zizindikiro zina ndi pompi kulavula nthunzi, giza kulira ngati mphika wobwata, ndi paipi yotayira panja kutulutsa madzi otentha ambiri. Kudontha pang'ono pamene giza ikutenthetsa si vuto. Koma madzi otentha akamathamanga, kapena nthunzi ikamatuluka, valavu yotetezera yatseguka kuti thanki isaphulike. Zimitsani magetsi nthawi yomweyo, cotsani ana pafupi, ndipo musayatsenso mpaka katswiri atasintha thermostat.

Musatseke paipi imeneyi, musaipinde, musaimange ndi mphira, ngakhale kuti kutayika kwa madzi kukuwawitsani mtima. Giza yotsekedwa potulukira ingaphulike n'kugwetsa siling'i pa anthu ogona.

Madzi a m'mabowo ambiri mu Lusaka ali ndi laimu wambiri cifukwa mzindawu unakhala pa miyala ya laimu. Zoyera zija zimene zimakakamira pansi pa ketulo zimakakamiranso pa element ndi pa kacubu ka thermostat, ndipo zikacindikala thermostat imacedwa kumva kutentha. Pulamba akabwera, mupempheni aone zimenezi ndi kuyesa valavu yotetezera, osangosintha cinthu cimodzi n'kupita.

Posambitsa mwana, thirani madzi ozizira coyamba, otentha pambuyo, takasani, ndipo yesani ndi cigongono. Akhale ongofunda, pafupifupi madigiri 37. Potseka, yambani ndi pompi yotentha. Musasiye mwana yekha m'bafa kapena pafupi ndi cidebe ca madzi otentha, ngakhale foni ikulira.

Wina akapsa

Ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Ngati pa pompi palibe madzi, thirani ndi kapu kucokera m'cidebe mosalekeza. Vulani mphete, wochi ndi zovala zonyowa khungu lisanatupe, koma nsalu yomatirira pakhungu musaikoke. Musaike ayisi, mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, phulusa kapena ufa: izi sizicotsa moto m'khungu ndipo zimalowetsa matenda pabala. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yosathothoka ubweya, ndipo mufunditse thupi lonse kuti asazizidwe.

Pitani kucipatala mwamsanga ngati wapsayo ndi mwana kapena nkhalamba, ngati bala likuposa cikhatho cake, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena molumikizira mafupa, komanso ngati khungu layera kapena sakumva kuwawa pamalopo. Kusamva kuwawa kumaonetsa kuti moto walowa kwambiri.