Kuphunzira kujambula zithunzi muli ndi ana m'nyumba

Makolo anzanga, ngati mukufuna kulowa kalasi ya akuluakulu yophunzira kujambula zithunzi, musathamangire kugula kamera yodula. Yambani mwafunsa aphunzitsi zomwe zikufunika. Nthawi zambiri yobwereka imakwana, bola ikhale yoti mutha kusintha nokha mmene ikujambulira.

Chovuta si kalasiyo ayi, koma ntchito yomwe amakupatsani kuti mukachite kunyumba. Nthawi muipeza kuti, wina akulira, wina akukana kusamba? Ine ndimati anawo ndiwo akhale ntchito yanuyo. Mukaphunzira za shutter speed, yomwe ndi nthawi imene kamera imatsekuka kuti kuwala kulowe, muuzeni mwana athamange panja. Ikani pa 1/500 ya sekondi, miyendo yake ioneka bwinobwino ili m'malere. Tsitsani pa 1/30, muona chimbuuzi chokhachokha. Zomwe zimazunguza mutu pa bolodi apa zimalowa msanga. M'nyumba mukakhala mdima kwezani ISO, yomwe ndi mphamvu ya kamera yomvera kuwala, mpaka 1600 kapena 3200. Chithunzi chichita timadontho, inde, koma n'chabwino kusiyana ndi nkhope yosazindikirika. Flash ija isiyeni, imangoyeretsa nkhope mbuu n'kudzidzimutsa khanda. Muimikeni mwanayo pafupi ndi zenera.

Ndipo gwadani, kamera ifike pamaso pake. Mukajambula muli chiimire, chomwe chimatuluka ndi liwombo ndi chimutu chachikulu.

Wokusungirani ana mupezeretu musanalembetse, ndi winanso wapadera poti woyambayo angadwale. Mukajomba tsiku lophunzira aperture, komwe ndi kukula kwa bowo lolowera kuwala m'kamera, maphunziro otsatirawo mudzangoti kakasi. Ana a eni ake akalowa m'chithunzi, musachionetse m'kalasi kapena pa Facebook makolo awo asanavomere.